Nankwenya ndi Mazira a Nkhwali ya m'Phiri

Kalekale, tamvera mwanawe, m'nkhalango ya pamwamba pa phiri munkakhala nkhwali za mlomo wofiira. Kudambo kunalibe. Kuchigwa kunalibe. Zinkapezeka m'phirimo basi.

Anthu anatchera misampha, nkhwali zinachepa. Anadula mitengo nawotcha makala, nkhwali zinachepa. Mapeto ake inatsala imodzi yokha, itakhalira mazira asanu.

M'tsinde mwa phirilo munali mayi wina, dzina lake Nankwenya. Tsiku lina m'chilimwe anakwera phiri ndi khasu kukakumba mizu ya mankhwala a chifuwa. Ali mkati mokumba, anamva fungo la utsi. Osaka mbewa anali atayatsa tchire kumunsi.

Ati athawe, anamva mawu pansi pa chitsamba.

"Amayi, moto ukubwera. Ine mapiko ndili nawo, koma awa alibe."

Nankwenya anasuzumira, naona nkhwali ili pa mazira. "Ndiwanyamule m'nsalu?"

"Akazizira saswa. Nanga kumudzi kwanuko tikakhala pati?"

Nankwenya anayang'ana utsi, anayang'ana khasu. Anamanga nsalu m'chiuno, nayamba kulambula kuzungulira mitengo yotsalayo kuti moto usadumphe. Analambula, analambula. Manja anatuluka matuza. Analambulabe. Moto unafika lawilawi, unawaula nsalu yake. Iye anaupuntha ndi nthambi zaziwisi mpaka unazima.

Atafika kwawo, mwamuna wake Chimtengo, katswiri wa misampha, anapukusa mutu. "Mwapsereza nsalu chifukwa cha ndiwo, ndiwozo osabwera nazo?"

"Sizinali ndiwo, bambo," anatero Nankwenya.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Zitsime zinauma. Mitsinje inasanduka mchenga. Kasupe mmodzi yekha ndiye sanaphwe, wotumphuka pansi pa mitengo imene sinapse ija. Mudzi wonse unakwera phiri ndi mitsuko, Chimtengo ali pomwepo.

Nankwenya akutunga, nkhwali inatulukira, anapiye asanu ali pambuyo.

"Tathokoza, amayi," inatero.

Nankwenya anagwada, nawomba m'manja. "Othokoza ndife. Mukanapanda kundiitana ndikanathawa, ndiye lero tikanamwa chiyani?"

Chimtengo anamwa madziwo. Potsika anazula misampha yake yonse, umodziumodzi, nakaisonkhera pamoto.

Waona, mwanawe, ukazimitsa moto panyumba ya mnzako, wazimitsanso pako. Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepa.