Pulogalamu ya Mvuu ndi Anapiye a Nkhanga

Kalekale, inu akumbuyo lekani manong'onong'o, kalekale nyama za m'dambo la Matekenya zinali ndi mafoni. Musandiyang'ane choncho, zinali nawo ndithu. Chimene zinalibe ndi mtendere, chifukwa Kabawi ankatola ana awo ngati akutola masuku.

Nkhanga anali ndi anapiye khumi ndi awiri, ndipo ndiye anaimirira pamsonkhano. "Wina atipangire pulogalamu ya m'foni yoti izikuwa Kabawi akamabwera," anatero. "Basi. Izingokuwa."

Mvuu anadzuka, mimba patsogolo. "Ntchito imeneyo ndi yanga. Koma ine sindipanga zachibwana. Choyamba ndilemba buku la zonse zofunika. Buku likatha ndijambula. Ndikajambula ndimanga. Ndikamanga mudzaona. Pakadali pano muzindibweretsera maungu, mutu sugwira ntchito m'mimba muli pululu."

Nyama zinaomba m'manja, zopusazo. Maungu anayamba kupita kwa Mvuu. Kukutu, kukutu, kukutu.

Mwezi unatha. Kabawi fwaa! Mwanapiye mmodzi wapita. Nkhanga anathamangira kumtsinje.

"Bwana, mwafika pati?"

"Ndili pa tsamba la mazana awiri, lonena za mtundu wa mabatani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Mvula inabwera, mvula inapita. Fwaa! Fwaa! Fwaa! Nkhanga anabwereranso, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwana, tionetseniko ngakhale kachidutswa, tiyese."

"Kachidutswa? Munaonapo munthu akugona m'nyumba yosafolera? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi." Ndipo anameza dzungu lathunthu, osamuyang'ana n'komwe.

Inu, ine ndikafika pamenepa mtima umandiwira. Pamene Mvuu ankamaliza kujambula, Nkhanga anali atatsala ndi anapiye atatu. Atatu okha!

Tsiku limenelo Nkhanga sanalire. Anatenga foni yake, n'kuigoneka pansi, n'kuyamba kuijompha ndi mkwiyo. Jompho, jompho, jompho. Dzuwa lisanapendeke anali atapanga kanthu kakang'ono, konyansa, kodziwa chinthu chimodzi: kakaona chouluka m'mwamba, mafoni onse akuwe. Anaimika foniyo pachulu, n'kuuza anzake kuti ayese.

M'mawa mwake tsamba linathothoka mumtengo. Mafoni onse kwee! Gologolo anadzidzimuka, n'kugwa chagada, phi! Anafika kwa Nkhanga akutukwana.

"Chinthu chakochi n'chachabechabe!"

"Chachabechabe pati? Nena msanga, ndilibe nthawi."

"Chikukuwira masamba!"

Jompho, jompho, jompho. Masamba chinawasiya. Tsiku lachiwiri chinakuwira Khwangwala, amene ankangopita kumaliro a apongozi ake, ndipo Khwangwala anakwiya koopsa. Jompho, jompho. Tsiku lachitatu Nkhwali anadandaula kuti m'udzu mawu sakumveka. Jompho, jompho. Tsiku lachinayi chinakuwa mochedwa, mwana wa Nkhwali anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, nthenga za kumchira zitatsala m'zikhadabo za Kabawi. Nkhanga anapepesa, n'kukakweza foni pamwamba pa mlambe kuti izionera patali.

Tsiku lachisanu Kabawi anatsika, fwaa! Mafoni kwee! Ana onse m'tchire lowu. Kabawi anagwira fumbi lokhalokha.

Tsopano maungu opita kwa Mvuu anayamba kuchepa, ndipo Mvuu sanakondwe. Anaitanitsa msonkhano, n'kubwera atasenza buku lalikulu ngati mtondo.

"Yanga yatha!" anabangula. "Imachenjeza za Kabawi, za njoka, za anyani, za moto, za chilichonse. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Kanyansi ka Nkhanga kafufutidwe m'mafoni monse lero lomwe. Kalibe buku, kalibe chidindo, kamasintha tsiku ndi tsiku ngati mtima wa mwana."

Nyama zinayang'ana kukula kwa bukulo, zinayamba kugwedeza mitu movomera. Nkhanga anayang'ana anapiye ake atatu. Akafufuta kanthu kake, atatuwo apita. Anagwada pamaso pa Mvuu.

"Bwana, ine ndine yani kuti ndikangane nanu? Ndifufuta. Koma chinthu chachikulu chotere chionekere kaye pagulu, anthu akuombereni m'manja. Ana athu ndi achabechabe, sayenera kulonderedwa ndi pulogalamu yapamwamba pa tsiku loyamba. Iyambe ndi chuma chenicheni. Tulutsani maungu anu onse, muwaunjike pabwalo mawa masana, inu mukakhale tsidya la mtsinje ndi foni. Tione mdani amene angayerekeze."

Mvuu anafufuma. "Mwayankhula zanzeru koyamba, mayi."

Pobwerera kwawo Nkhanga anadzera kuphiri. "Anyani inu," anatero, "ine sindinanene kanthu. Koma mawa masana pabwalo padzakhala maungu opanda mlonda."

Masana anakwana. Mulu wa maungu uli pabwalo, Mvuu ali tsidya ndi foni, nyama zonse zamuzungulira. Posakhalitsa anyani anatsika phiri, hoo! hoo! Mvuu anadzambatuka kuti athamange.

"Khalani pansi bwana," anatero Nkhanga. "Mukathamanga nokha, anthu anena kuti pulogalamu yalephera. Iuzeni ikuwe, anyani athawa."

Mvuu anadina foni. Foni inati: "Takulandirani. Lembani dzina lanu." Chala cha Mvuu mukuchidziwa, chinadina mabatani anayi nthawi imodzi. "Dzina limenelo palibe. Yambiraninso."

Anyani dzungu ili pamutu, ili m'khwapa.

"Lembani mfunda wanu. Lembani mudzi wa amayi anu. Mdaniyo ndi wanthenga, waubweya kapena wamamba?"

"Waubweya! Waubweya, chitsiru iwe!"

"Ali kumanja kapena kumanzere kwa mtengo wa mbawa?"

"Mbawa inagwa ndi mvula ya chaka chatha!" anakuwa Mvuu, thukuta lili kamukamu.

"Yankho limenelo mulibe m'buku. Yambiraninso."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana," anatero Nkhanga.

Pamene foni inakuwa, inakuwadi mokoma, wooo! ngati lipenga la ukwati. Koma pabwalo panali patatsala dzungu limodzi lowola, ndipo nyani wokalamba anabwerera kudzalitenganso.

Mvuu anatembenukira Nkhanga, maso ali psuu. "Nanga kako kaja bwanji sikanakuwe?"

"Palibe anandipemphapo za anyani. Mwapempha lero, ndiika mawa. Mkuja mudzandiuze ngati zikugwira."

"Maungu anga onse apita! Onse!"

Apa Nkhanga anaimirira, ulemu wonse n'kuutaya. "Maungu amamera, Mvuu! Ukabzala nthanga, mvula ikagwa, amamera. Anga asanu ndi anayi ndikawabzale pati? Iwe unkasankha mtundu wa mabatani, ine ndikutola nthenga za ana anga. Ukanationetsa kachidutswa mwezi woyamba, tikanakuuza tsiku lomwelo kuti chopusachi chimafunsa mfunda mwana ali m'zikhadabo!"

Pabwalo lonse palibe ananenanso zofufuta. Mvuu analowa m'madzi ndi manyazi, n'chifukwa chake mpaka lero amangotulutsa maso ndi makutu, kuyang'ana ngati Nkhanga wachoka. Ndipo Nkhanga mukamumva akulalata m'tchire, musamuseke. Atatu aja anakula, koma iye akuitanabe asanu ndi anayi.

Nthano yanga yafera pomwepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa athamange akaitembenuze, aitsine, ailaweko. Wodikira kuti adzaione ikapsa yonse, a Mvuu akumuitana kumtsinje akadyere limodzi makala.