Nalimata, Mphaka ndi Nkhondo ya ku Nyenyezi

Mphenzi inding'ambe pakati ngati ndinamepo ngakhale liwu limodzi! Izi zinachitikira pa Lunzu, m'kashopu ka magemu ka a Chikadza, Lachiwiri masana dzuwa likuswa mtengo.

Nalimata anali atagona ndi njala masiku atatu, poti a Chikadza anapopera mankhwala, udzudzu wonse n'kusamuka. Tsikulo eni shopu atathamangira kumaliro osazimitsa kompyuta, ntchentche inatera pa mabatani. Nalimata anatsika khoma monyang'ama. Asanatulutse n'lilime lomwe, phazi la Mphaka linali pamsana pake, gwi.

"Ndiwo zabwera zokha," anatero Mphaka.

"Amalume, kundidya mundidya, palibe wokana. Chikundiwawa n'choti ndifa anthu akunenabe kuti gemu iyi simungaithe."

"Akunena ndani?"

"Galu wa kuchigayo. Akuti mutu wanu ndi wongosungira ndevu."

Mphaka anafwenthera. Anapangana tsono: aliyense atenge dziko lake m'gemumo, ndipo amene dziko lake liyambe kupsa waluza. Akaluza Nalimata, adyedwa. Akaluza Mphaka, Nalimata apita ndi moyo.

Gemuyo inali ya nkhondo ya zombo zouluka pakati pa nyenyezi, ndipo munali mitundu itatu imene kompyuta imayendetsa yokha: Ofiira, Achikasu ndi Obiriwira. Mphaka ankaiona ngati nyemba za m'thumba limodzi. Koma Nalimata anatha zaka ziwiri ali kakaka pakhoma kuonerera anthu akusewera, ndipo ankadziwa kuti mtundu uliwonse uli ndi mtima wakewake umene suusintha.

Ofiira ndi ansanje: amalimbana ndi yense amene wawaposa zombo. Nalimata anamanga tizombo tiwiri basi.

"Amalume, ine ndine mmphawi. Koma inu, munthu wamkulu, kuyenda ndi zombo khumi? Galu akamva."

Mphaka anaponda batani mpaka zombo zinakwana makumi asanu. Posakhalitsa Ofiira anatulukira ngati dzombe, kudutsa tizombo ta Nalimata osatipatsa n'moni womwe, n'kukaphwanya theka la zombo za Mphaka.

"Bwanji iwe sanakukhudze?"

"Mwayi, amalume. Nanga njovu n'kuthamangitsa nsabwe?"

Achikasu ndi amalonda: ukawapatsa kamphatso, ndiwe m'bale wawo mpaka kalekale, ukawakanda, sakumenya, amangokutsekera msika. Nalimata anawatumizira timiyala tiwiri mwakabisira, akunamizira kukanda batani ndi mchira. Kenaka chombo chawo chonenepa chinadutsa pafupi ndi dziko la Mphaka.

"Taonani mwano, amalume. Kudutsa pabwalo panu osaodira."

Mphaka anachiwombera. Achikasu sanabweze chipolopolo ndi chimodzi chomwe. Anangosiya kumugulitsa mafuta, ndipo zombo zake zinayamba kuyenda ngati minibasi yokankha.

Ndiye pagalasi panabwera uthenga wa Obiriwira, wokoma ngati uchi: tikhale abale, adani anu ndi adani athu.

"Awa ndiye anthu," anatero Mphaka. "Ndivomere?"

"Ine ndinganene chiyani? Kungoti mukakhala ndi abale otere, pakhomo mumasiya posatseka. Tengani zombo zonse mukawaonetse Ofiira aja kuti simuseweretsedwa."

Chimene Nalimata sananene n'chakuti Obiriwira amaseka nawe pokhapokha alonda ali pakhomo. Zombo za Mphaka zitangokhota kuseri kwa nyenyezi yachitatu, abale aja anafika ndi moto. Dziko lonse psiti, kutsala utsi.

Wanzeru akanathawa pomwepo. Koma Nalimata chimwemwe chinamukwera m'mutu. Anakwera pa mabatani n'kuyamba kudula chiuno pamphuno penipeni pa Mphaka.

"Ofiira ndi ansanje, Achikasu ndi adyera, Obiriwira ndi achinyengo. Sukulu imeneyi ndaphunzitsa ulere, amalume. Mukamuuze Galu kuti ananena zoona."

Mphaka ananyambita phazi lake modekha.

"Mitundu itatu waiwerenga bwino, mphwanga. Nanga wachinayi, umene wakhala nawo pampando pano, unauwerenga? Amphakafe tikaluza timadya. Tikawina timadyanso."

"Koma pangano lija..."

"Pangano imasunga ndi kompyuta."

Phazi linatsika ngati nkhwangwa. Nalimata anadumpha, koma mchira unatsala m'zikhadabo ukuvinabe wokha. Mphaka, poti ndi mphaka, sakanatha kusiya chinthu chogwedera. Anaudya maso ali pomwepo, mwini wake akukwera khoma mpaka kumalata.

Ali kumwambako, kumbuyo kukuwawa ngati wakhalira mbaula, Nalimata anaseka mpaka misozi.

"Nawonso mtundu wachinayiwo ndauwerenga tsopano, amalume. Ukauponyera kogwedera, umaiwala nyama. Mchirawo idyani, wina umera. Koma dziko lanu lija silimeranso."

A Chikadza pobwera kumaliro anapeza gemu itatha, mabatani ali ubweya wokhawokha, ndipo mphakayo anamuthamangitsa ndi tsache mpaka kumsewu.

Zonsezi ndi zoona, mukafunse pa Lunzu. Kupatula za Galu zija. Kuchigayo kuja kulibe galu. Ameneyo ndangomuikamo ine.