Chipsera cha Mayi Wogulitsa Mikanda

Loweruka lililonse, m'nyumba ina yoonetseramo zaluso ku Livingstone, ana a sekondale ankaphunzira kujambula nkhope za anthu ndi kamera. Mphunzitsi wawo, a Siyanga, anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Nkhope ni ya mwine wake. Pempha, akavomela, ndiye ukope."

Kwa Lungowe, mtsikana wa ku komboni ya Linda, lamulolo linkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Luso anali nalo, ndipo ankadziwa kuti ali nalo. Matenda ake anali amenewo. Ankati munthu ukamupempha amaumitsa khosi ngati wa pachiphaso. Choncho tsiku lina pamsika wa zosemasema ku Mukuni Park anabisala kuseri kwa ziboliboli n'kujambula mayi wogulitsa mikanda, wachipsera chotsika kuchokera pachikope mpaka patsaya. A Siyanga atafunsa ngati mayiyo anavomera, Lungowe anati inde, osaphethira n'komwe.

A Siyanga atakonza chionetsero cha zithunzi za anawo, chithunzicho anachipachika pakhomo penipeni, ndipo chinafala m'mafoni. Lungowe ankangoyenda m'mwamba.

Tsiku lachitatu kunafika bambo wina wa jekete lakuda, wolankhula mofatsa. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzicho.

"Ni sisita wanga uyu, Namasiku. Tamusakila zaka zitatu kuchoka ku Mongu. Apezeka kuti, mwana wanga?"

Lungowe analongosola zonse, mpaka tebulo lomwe mayiyo amakhalapo. Bamboyo sanamwetulire. Anangoyendetsa chala pagalasi, kutsata chipseracho pang'onopang'ono, kenako anatuluka. Apo m'pamene Lungowe anayamba kukayikira. Munthu amene wapeza mlongo wake sachita zotero.

Lungowe anathamangira ku Mukuni Park modula njira, n'kupeza mayiyo akutunga mikanda.

"Ba Namasiku!"

Ulusi unapulumuka m'manja mwa mayiyo. Dzinalo panalibe amene ankalidziwa m'tauni muno.

"Wakuuza ndani zina iyo?"

Lungowe anaulula zonse.

"Nilibe bulaza ine," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Uja ni mwamuna wanga. Ichi chipsela wachikonda ananilemba ni yeve, na botolo. Anakamba ati akanipeza azasiliza nchito. Sembe unanifunsa chabe, iwe mwana."

Sanakalipe, ndipo kwa Lungowe kukanakhala bwino akanamumenya mbama. Maso a mayiyo anali atapita kale kuseri kwa phewa lake. Lungowe atacheuka, anaona jekete lakuda likubwera pakati pa matebulo, losafulumira. Potembenukanso, pampando panalibe munthu. Mikanda inali mbwee pansi, patapata imodzi itatsala pomwepo.

Namasiku sanaonekenso ku Mukuni Park. Kaya anakwera basi, kaya bamboyo anamupeza, palibe akudziwa. Chithunzi anachitsitsa, koma m'mafoni a anthu chikuyendabe, ndipo Lungowe akamva kuti kwapezeka mtembo wa mayi kwinakwake, amathamangira kufunsa dzina la malemuyo. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.