Nthambi Yoyera ya Pawindo

Shopu ya maluwa ija inali ndi makomo awiri. Pakhomo la kumsewu pankaima mwamuna, tayi pakhosi, mano panja, kulonjera aliyense wodutsa. Pakhomo la kuseri pankalowa mkazi wake atasenza thumba la manyowa, m'zikhadabo muli dothi. Anthu ankati shopuyo ndi ya bambo aja, ndipo bambowo sankatsutsa.

Chuma chenicheni cha pamalopo chinali kamtengo kamodzi ka mumphika, ka masamba amawangamawanga, obiriwira ndi oyera. Anakabzala ndi malemu bambo ake a mkaziyo, ndipo mbande zonse zimene ankagulitsa ankadula pamenepo.

Chaka china kamtengoko kanatulutsa nthambi ya masamba oyera okhaokha, mbee ngati mkaka. Mwamunayo anakaika pawindo, anthu n'kumaima kukajambula.

"Mayi, masamba obiriwirawa akuphimba chokongola," anatero mwamunayo. "Tiwadule, patsale oyera."

"Musayerekeze," anayankha mkaziyo, yemwe anaphunzira za zomera kukoleji. "Kubiriwirako ndi kolorofilo, ndiye amagwira dzuwa. Kuwala kukamugunda amaponya maelekitironi, tinthu tating'ono tonyamula mphamvu, ndipo m'tsambamo amapatsirana ngati amisiri opatsirana njerwa, mpaka shuga apangike. Loyerali lilibe woponya njerwa yoyamba. Limadya kwa anzake."

"Nanga likunenepa bwanji? Taliyang'anani!"

"Inunso mukunenepa, bambo, koma khasu simuligwira."

Mwamunayo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala chabe.

Pasanapite nthawi, mng'ono wake wa mkaziyo anachira, ndipo mkulu wakeyo anapita kukamuthandiza kusamalira khanda. Basi imene mkaziyo anakwera isanakhote n'komwe, mwamunayo anali atatenga sizasi. Anadula tsamba lililonse lobiriwira, ndipo mphukira yobiriwira ikangosuzumira ankaitsina ndi chala. Masiku oyamba windo linawala, makasitomala anakhamukira, mbande zonse zinatha. Bambo aja ankayenda chifuwa patsogolo.

Kenako m'mphepete mwa masamba munayamba kufiira. Anathira madzi. Anathira feteleza. Anatulutsa kamtengoko panja kuti kaothere dzuwa, osadziwa kuti akupereka mpira kwa munthu wopanda miyendo. Masamba anapsa, anakwinyika, n'kuyoyoka limodzilimodzi.

Mkaziyo atabwera, sanatule n'komwe chikwama. Anapala khungwa ndi chikhadabo kuyambira kunsonga mpaka patsinde. Ponseponse panali pouma gwaa. Anakumbukira manja a bambo ake akupsinja dothi mumphikamo, ndipo mtima unamupweteka kwambiri, koma sanakalipe.

"Ndinkakathirira tsiku lililonse," anatero mwamunayo, mawu ali pansi. "Tsamba loyera lija linkaoneka lamphamvu palokha."

"Linkaoneka," anatero mkaziyo.

Anatenga chitini chothirira madzi ndi kakhasu, n'kuziika m'manja mwa mwamuna wake. "Khomo la kuseri ndi ilo," anatero. Kenako anakweza chikwama paphewa n'kubwerera kwa mng'ono wake.

Maluwa otsalawo sanachedwe kufota, pakuti bambo aja sankadziwa kuti lofuna mthunzi ndi liti, lodana ndi madzi ambiri ndi liti. Mpaka lero amaima pakhomo la kumsewu, tayi pakhosi, kulonjera odutsa, kumbuyo kwawo kuli miphika ya dothi lokhalokha. Akuluakulu sananame: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.