Gulo ndi Abale a Nazimbiri

Chaka china chakudya chitasowa, Gulo anagwira ntchentche ya mizere yachikasu ndi yakuda, dzina lake Nazimbiri, ikumwa timadzi ta duwa la dzungu.

"Undionetse kumene abale ako amagona," anatero Gulo. "Ukakana, ndikumeza pompano."

"Pepani bambo," anayankha Nazimbiri, "ine ndine mafupa okhaokha. Onenepa ali kunkhokwe uko. Tiyeni."

Atafika, Gulo anaona chisa cha mavu chikulendewera pansi pa denga la nkhokweyo. Anabwerera m'mbuyo.

"Iwe, amenewa si mavu?"

"Mavu ati, bambo? Taonani malaya awo, muonenso anga. Telala wathu ndi mmodzi. Nanga muja munandigwira, ine ndinakulumani?"

"Sunandilume."

"Ndiye basi. Banja lathu lonse ndi lofatsa chomwechi."

Gulo anameza malovu, n'kukwera, n'kulowetsa mutu wonse m'chisamo. Mavu anamutera pamphuno, m'zikope ndi palilime. Anagwa pansi kuti phi! Anathawa akugunda mitengo, mutu utatupa ngati chikho, Nazimbiri akuseka padenga.

Mutu utaphwa, Gulo anapeza kachilombo ka mizere katatera pa tsamba la therere. Anaima patali.

"Kodi ndiwe Nazimbiri, kapena ndinu ena aja?"

Anali Nazimbiri yemwe. Anakweza mawu nati, "Senderani mundilawe, mudziwa nokha."

Gulo anagwedeza mutu mwaulemu.

"Ayi mayi, zikomo. Ine ndimangodutsa."