Khoma la Kuseri kwa Kabati

Abale anga, kunali bambo wina amene anamanga nyumba m'tauni, napaka penti woyera mbee pabalaza. Dzinja litafika, lata limodzi linayamba kudontha, ndipo pakhoma panatuluka banga looneka ngati chikhatho cha munthu.

Mkazi wake anati, "Bambo a Mwatitha, kwerani padenga mukatseke pobowokapo."

Koma kukwera padenga ndi ntchito, ndipo anthu odutsa amaona kuti nyumba yako ili ndi vuto. Bamboyo anapita kusitolo kukafuna penti wotuwa ngati phulusa, woti abise bangalo. Anapaka. Banga linasowa.

Mvula ina itagwa, chikhatho chija chinabwerera, zala zitatalika.

Anapitanso kusitolo atanyamula kathabwa kopakidwa penti wakale uja. Anaviika chala m'chitini cha penti woderako pang'ono, napaka pambali pake, n'kupendeketsa mutu.

Wogulitsa anati, "Bwana, mitundu yakuda imanyenga m'sitolo muno. Kaioneni panja padzuwa."

Iye anati, "Palibe chifukwa. Taonani, sikusiyana kwenikweni."

Ndipo sananame, abale. Sinkasiyana kwenikweni. Chaka ndi chaka ankachita zomwezo: wa chaka chino pambali pa wa chaka chatha, wa phulusa pambali pa wa utsi, wa utsi pambali pa wa makala. Palibe tsiku limene anati, "Lero ndikufuna wakuda." Koma m'nyumbamo munayamba kuda masana. Mawindo ali chitsegulire, kuwala kunkangothera pakhomo. Chinyezi chinamugwira Mwatitha pachifuwa, mayi ake anamutenga n'kupita naye kwawo. Bamboyo anati anthu amangokokomeza zinthu.

Tsiku lina akupakanso, anasuntha kabati yaikulu imene inali isanasunthidwepo. Kuseri kwake kunali khoma lakale lija, loyera mbee, likuwala ngati chitseko chotsegula. Maso anamuwawa. Anacheuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nyumba yake mmene inalili: bii, ngati m'dzenje la manda.

Anaima pamenepo, burashi ikudontha m'manja. Makwerero okwerera padenga anali panja pomwepo.

Zimandimvetsa chisoni kunena, koma anaviika burashi, napaka poyera paja.

Anansi akuti ukapita masana dzuwa lili paliwombo n'kuodira, mawu amayankha pafupi pomwepo, "Lowani." Ukasuzumira, suona munthu.

Abale, tchimo silikuuza kuti sankha mdima. Limangoti yerekeza lero ndi dzulo, yerekeza bodza ili ndi lija, uona kuti sizikusiyana kwenikweni. Leka kuyeza chakuda ndi chakuda chinzake. Tulutsa mtima wako pa kuwala kwa Khristu, ukauone mtundu wake weniweni. Ndipo ngati lero Mulungu wasuntha kabati, wakuonetsa poyera pamene patsala, maso akuwawa, chonde m'bale wanga, tula burashiyo pansi. Kwera padenga.