Mmene Chigayo Chinakwerera Phiri la Kamtedza

Ana inu mumagayitsa pa chigayo cha ku Kamtedza ngati chinachita kumera pamenepo. Ayi ndithu, chinachita kukwera phiri, ndipo anachikweza ndi a Nanyoni.

A Nanyoni anali mayi wamasiye, mlimi wa mbatatesi. Amuna awo pomwalira anawasiyira njinga yamoto ya matayala anayi, imene kale inkagwira ntchito ku esiteti ya mitengo. Njingayo inali itatopa, moti ikangoona chitunda inkatsokomola n'kuzima. Pajatu mudzi wa Kamtedza uli pamwamba pa phiri, ndipo njira yake inali ya miyala yokhayokha, yoti ngakhale ng'ombe za ngolo zinkaikana. Amayi ankatsika kukagayitsa kutali, n'kukweranso ufa uli pamutu, makosi akuwawa.

Atakolola, a Nanyoni anatengera njingayo kwa a Chinkhata, makaniko wa pamsika. Anawaperekeza a Gelesomu, mng'ono wa malemu amuna awo. A Chinkhata anamasula injini, kenako anayala zitsulo ziwiri zatsopano pasaka.

"Chitsulo ichi timachitcha kamushafuti," anatero. "Timitu take iti ndi timene timatsegula ndi kutseka mavavu kuti injini izipuma. Yanu yadyeka. Ndili nazo ziwiri. Ya timitu titalititaliyi ndi ya liwiro, koma mphamvu yake imabwera injini ikalira kwambiri. Inayi siithamanga, koma imakoka kuyambira poyambira pomwe."

A Gelesomu maso anawala. "Alamu, nanga pali chosankha apa? Tengani ya liwiroyo, tiikenso paipi ya utsi yaikulu. Ndizinyamula anthu pa tala, akabaza onse azidya fumbi langa."

"Kodi alamu, ife timakhala pa tala?" anafunsa a Nanyoni.

"Inutu mukufuna kusandutsa njinga ya achimwene kukhala bulu."

Mawuwo anawalasa a Nanyoni, pakuti malemu ankaikonda njingayo. Koma anakumbukira miyala ya njira yakwawo, umene uli wonse ankaudziwa ndi phazi.

"Ikani yokokayo, bambo Chinkhata. Musinthenso pisitoni ndi sefa ya mpweya. Paipi isiyeni, sindikufuna kudzutsa makanda a eni."

A Gelesomu anabwerera kumudzi akuyenda wapansi, osatsanzika. Kuyambira pamenepo njingayo inkakwera ndi matumba a feteleza osazima, koma pamsewu akabaza ankaipitirira ngati yaima, akuseka. A Nanyoni ankangoyang'ana kutsogolo.

Chaka chomwecho gulu la amayi a m'mudzimo linagula chigayo. Lole inabwera nacho mpaka m'munsi mwa phiri, dalaivala n'kuzimitsa. "Apa ndiye mathero," anatero. "Kapena mutsitse, kapena ndibwerere nacho kutauni."

Anatsitsa. Zina zonse amuna ananyamula, koma injini ya chigayoyo, ataimangirira pa mitengo, analephera kuinyamula kupyola m'maondo. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula yoyamba ikangogwa, njirayo iterera mpaka dzinja litatha. Amayi ena anayamba kulira, poona thukuta lawo lili pambali pa msewu.

A Nanyoni anamanga chitenje zolimba m'chiuno. "Ikwezeni pa kangolo kamene ndimakoka ndi njinga yanga," anatero.

Anayamba kukwera, khamu likutsatira. Njinga inkangoti du, du, du, osafulumira. Atafika pa thanthwe lina lotsetsereka kwambiri, matayala akutsogolo ananyamuka, njinga inaima, ndipo kangolo kanayamba kuikokera m'mbuyo, kuphompho. Anthu anabalalika akukuwa. Koma a Nanyoni sanatsike. Pansi pawo injini inali ikupumabe.

Apo ndi pamene a Gelesomu, amene ankaonerera patali manja ali kumbuyo, anathamanga ndi chimwala n'kuchiika kuseri kwa tayala la kangolo.

"Ipatseni moto pang'ono, alamu! Pang'ono pokha!"

Njinga inadumpha mwala umodzi n'kuima. A Gelesomu anasunthira chimwala chija kutsogolo. Inadumphanso. Amuna ena anatola miyala yawo, nawonso n'kumatchinga. Kudumpha, kuima, kudumpha, kuima, mpaka thanthwe linatsala m'mbuyo. Madontho oyamba a mvula anawapeza akulowa m'mudzi, nthungululu zili wiriwiri.

A Nanyoni anatsika mutu uli m'mwamba. A Gelesomu, malaya ali ng'ambing'ambi, anawagwira dzanja n'kulikweza kuti onse aone.

"Awa ndi alamu angatu awa!" anakuwa. "Ine ndinkafuna mphamba wouluka, iwo anasankha tsokonombwe. Taonani, tsokonombwe watha mtunda n'kudumpha!"

Mawuwo anthu anapita nawo, ndipo mpaka lero timati: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tsokonombwe ndi chiwala chija chonenepa, chosatha kuuluka, koma chimadumpha pang'onopang'ono mpaka kukafika kumene chikupita. Mwambiwu umatanthauza kuti ntchito yaikulu imatha ndi khama la pang'onopang'ono losalekeza. Choncho wina akakusekani kuti mukuchedwa, musatayike mtima. Dziwani njira imene mukuyenda, ndipo dumphani mwala umene uli patsogolo panu.